Mabuleki a Sitima Yopanda Injini

  Lero mu pulogalamu yathu ya pawailesi ya sayansi ndi zaumisiri tikamba za sitima ina yodabwitsa. Ili ndi njanji, mabogi komanso siteshoni, koma ilibe injini, ilibe dalaivala, ndipo kulibe kumene imapita. Imanyamuka pamalo, n'kudzaimanso pomwepo pakatha mphindi ziwiri kapena zitatu. Komabe anthu amalipira ndalama, n'kuima pamzere ola lathunthu kuti akwere. Dzina lake ndi roller coaster, ndipo imapezeka m'mapaki akuluakulu achisangalalo.

Ambiri a ife tinangoiona pa kanema: njanji yopindikapindika m'malere, anthu atamangidwa m'mipando, akukuwa potsika. Abale athu amene ali ku Joni mwina anakafikako ku Gold Reef City mumzinda wa Johannesburg, paki imene inamangidwa pamalo pamene kale panali mgodi wa golide. Kumeneko kuli ina yotchedwa Anaconda, imene mabogi ake amalendewera kunsi kwa njanji, miyendo ya okwera ili lende.

Munthu akaona sitima yotere amafunsa kuti, ndi yaitali bwanji? Imathamanga bwanji? Ine lero ndikufuna tifunse funso lina: imaima bwanji, nanga ndani anasankha malo amene izichepetsa liwiro? Yankho lake ndi limene limalamula maonekedwe a njanji yonse. Mfundo imene ndikufuna muigwire ndi iyi, ndipo ndiibwerezabwereza: sitima imeneyi imapatsidwa liwiro kamodzi, ndipo liwiro limene mabuleki adya silibwereranso.

Poyamba tione kumene liwirolo limachokera. Sitima ikatuluka pasiteshoni, tcheni chachikulu chimaikola kunsi n'kuikokera pang'onopang'ono pamwamba pa chitunda choyamba. Pokwerapo okwera amamva phokoso la khetekhete. Limenelo ndi dzino lachitsulo limene limagwera m'mipata ya njanji kuti tcheni chikaduka sitima isabwerere chambuyo. Ikafika pansonga, tcheni chimaisiya. Kuyambira pamenepo palibenso choikoka kapena choikankha kupatula kulemera kwake komwe.

Taganizirani wa kabaza, kapena uja wonyamula matumba a makala panjinga, atafika pamwamba pa chitunda. Kutsogolo kwake kuli mtsetse, pansi pali mlatho wokhala ndi kona, ndipo kutsidya kuli chitunda china. Iye amadziwa kuti akamanga kwambiri mabuleki potsetsereka, kutsidyako atsika n'kuyamba kukankha. Akapanda kumanga n'komwe, kona ya pamlathoyo imutaya. Nzeru yake yonse ili pa kudziwa pomanga ndi posiya. Vuto la wokonza roller coaster ndi lomweli, kungoti sitima yake ilibe zopalasira, ndipo palibe amene angatsike kuti aikankhe. Mawilo akamakhudzana ndi njanji, mphepo ikamaomba mabogi, liwiro limanka likutha pang'onopang'ono. N'chifukwa chake chitunda choyamba chimakhala chachitali kuposa zonse, ndipo zotsatira zake zimanka zikufupika.

Tsopano tibwerere m'mbuyo pang'ono, chifukwa kale mabuleki a sitimazi anali m'manja mwa munthu. M'chaka cha 1827, ku Pennsylvania m'dziko la America, anamanga njanji yotsitsira malasha kuchokera kumgodi wa paphiri kukafika kumtsinje, pamalo otchedwa Mauch Chunk. Ngolo zinkatsika zokha chifukwa cha kulemera kwa malashawo, ndipo nyulu ndizo zinkakoka ngolo zopanda kanthu kubwerera nazo kumtunda. Potsika, pangolopo pankakhala bambo atagwira mpini wa mabuleki. Anthu anayamba kulipira kuti akwere nawo, mpaka m'kupita kwa zaka njanjiyo inasiya kunyamula malasha n'kukhala ya alendo okhaokha. Mu 1884, LaMarcus Thompson anamanga kanjanji kongosangalalirapo ku Coney Island mumzinda wa New York. Kankayenda liwiro loti mnyamata wothamanga akanatha kukapitirira, koma anthu anakhamukirako.

Ntchito ya bambo wa mabuleki ija idakalipo mpaka lero. Ku Tivoli mumzinda wa Copenhagen ku Denmark kuli roller coaster yamatabwa ya mu 1914, ndipo ku Luna Park mumzinda wa Melbourne ku Australia kuli ina ya mu 1912. Pa ulendo uliwonse wa sitimazi pamakwera wantchito wogwira mpini. Wa ku Melbourne amachita kuimirira pakati pa mabogi. Munthu ameneyu amaimva sitima ndi thupi lake. Amadziwa kuti lero kwagwa mvula, njanji ikuterera. Amadziwa kuti ulendo uno wadzaza akuluakulu olemera. Akailekerera, ikhoza kudumpha njanji pansonga ya chitunda. Akaipanikiza kwambiri, ilephera kukwera chitunda chotsatira.

Chimene chinachotsa munthuyu pa sitima zambiri ndi luso la John Miller wa ku America, limene analembetsa kuboma mu 1919. Iye anaika mawilo ena kunsi kwa njanji. Motero sitima inayamba kugwira njanji pamwamba, m'mbali ndi pansi, moti singachokenso ngakhale itathamanga chotani. Zitunda zinatalika, mitsetse inakula, ndipo liwiro linafika poti dzanja la munthu silikanathanso kuliweruza. Nzeru zonse zimene zinali m'dzanja la bambo uja zinayenera kulowa m'njanji yeniyeniyo. Injiniya ayenera kudziwiratu, njanji isanamangidwe n'komwe, kuti pamalo akutiakuti sitima izidzadutsa ndi liwiro lotani, m'mawa kukuzizira ndi masana kukutentha, yodzaza ndi yopanda anthu.

Nanga mabuleki a masiku ano ndi otani? Choyamba chodabwitsa n'chakuti sali pasitima. Ali panjanji. Kunsi kwa bogi iliyonse kuli chitsulo chopyapyala choimirira, ndipo pamalo ena a njanji pali nsagwada ziwiri zimene zimachipana chitsulocho chikamadutsa. Mvetserani bwino mmene nsagwadazi zimagwirira ntchito pa sitima zambiri. Masipuling'i amazikankha kuti zizikhala zotseka nthawi zonse. Kuti zitseguke, pamafunika mpweya wopopedwa mwamphamvu. Tanthauzo lake n'lakuti magetsi akazima, kapena paipi ya mpweya ikaphulika, mabuleki amatseka okha, sitima n'kuima. Pamafunika mphamvu kuti sitima idutse, osati kuti iime. Ine ndimaona kuti imeneyi ndi imodzi mwa nzeru zokongola kwambiri pa zaumisiri, chifukwa woikonza anayamba waganizira za tsiku limene zinthu zidzawonongeke.

Ntchito imene mabulekiwa amagwira si yamasewera. Liwiro likawirikiza kawiri, mphamvu imene mabuleki ayenera kuimeza imawirikiza kanayi, ndipo yonseyo imasanduka kutentha. Nsagwada zimaperepeseka, zimafuna kusinthidwa, ndipo mvula ikagwa zimaterera.

M'zaka za m'ma 1990 kunabwera mabuleki a mtundu wina, a maginito, ndipo awa ndikufuna tiwaonetsetse. Tonse tikudziwa kuti maginito sakoka mkuwa. Koma mutatenga paipi ya mkuwa, n'kuiimika, n'kuponyamo kamaginito kamphamvu, mudzadabwa kuona kakutsika mwaulesi, popanda chokakhudza. Chimene chimachitika n'chakuti maginito akamayenda pafupi ndi mkuwa, amadzutsa magetsi ozungulirazungulira mkati mwa mkuwawo. Magetsi amenewo amapanga mphamvu yawoyawo ya maginito, ndipo mphamvuyo nthawi zonse imalimbana ndi kuyenda kumene kwaidzutsa. Lamulo limeneli analifotokoza katswiri wa sayansi Emil Lenz mu 1834. Pa roller coaster, chitsulo cha mkuwa kapena cha aluminiyamu chimadutsa pakati pa mizere iwiri ya maginito, osakhudza chilichonse, ndipo sitima imabwezedwa mofewa, popanda kugwedeza makosi a anthu.

Ubwino wake ndi wochuluka. Palibe choperepeseka. Mvula ilibe nawo kanthu. Safuna magetsi a pawaya. Koma ubwino woposa wonse ndi uwu: sitima ikabwera ndi liwiro lalikulu, amaigwira mwamphamvu, ikabwera mofooka, amangoikhudza pang'ono. Mwamva? Chiweruzo chija chimene chinali m'dzanja la bambo wa ku Copenhagen chabwereranso, koma tsopano chili m'chilengedwe cha maginito. Pali chinthu chimodzi chokha chimene sangachite. Poti mphamvu yawo imachokera m'kuyenda, sitima ikatsala pang'ono kuima mphamvuyo imatheratu. Sangaiimitse njii. Choncho kumapeto kwa njanji maginito amadya liwiro lochuluka, kenako nsagwada zija kapena mateyala oyendetsedwa ndi mota amamalizitsa.

Ngati mwangotsegula kumene wailesi, tikukamba za mabuleki a roller coaster, sitima yopanda injini, imene imapatsidwa liwiro kamodzi, ndipo limene mabuleki adya silibwereranso. Tsopano tikulowa m'gawo limene ndi mtima wa nkhani yathu: mabuleki amene ali pakati pa ulendo.

Mwina mukufunsa kuti, ngati liwiro ndi lofunika chonchi, bwanji osangoika mabuleki kumapeto kokha? Chifukwa chake ndi mzere wa anthu uja. Eni paki amafuna kuti anthu ochuluka akwere pa ola lililonse, ndipo sitima imodzi singakwanitse. Pamafunika ziwiri, zitatu, mwina kuposa apo, zonse panjanji imodzi, popanda dalaivala woona kutsogolo. Kuti zisagundane, njanji imagawidwa m'zigawo, ndipo lamulo lake ndi limodzi: m'chigawo chimodzi musapezeke sitima ziwiri. Kumapeto kwa chigawo chilichonse payenera kukhala malo oti sitima ikhoza kuimitsidwa kotheratu. Timakina toona sitima ikamadutsa timauza kompyuta kuti chigawo chakuti chatsala chopanda kanthu, ndipo pokhapo ndi pamene sitima ya m'mbuyo imaloledwa kulowamo. Njira imeneyi inatchuka ndi Matterhorn Bobsleds ya ku Disneyland ku California, imene inatsegulidwa mu 1959, ndipo ndiyonso inali yoyamba kuyenda panjanji ya mapaipi achitsulo.

Zigawo ziyenera kuchuluka kuposa sitima, kuti nthawi zonse pakhale china chopanda kanthu choti sitima isunthiremo. Siteshoni ndi chigawo. Chitunda cha tcheni ndi chigawo, poti tcheni chikhoza kuimitsidwa. Mabuleki akumapeto ndi chigawo. Ngati ulendo uli wautali ndipo mukufuna sitima zambiri, simungachitire mwina, muyenera kuika malo ena oimira pakati penipeni.

Taonani tsopano zimene malo amenewa amachita ku njanji yonse. Ayenera kukhala owongoka, otalika mokwana sitima yonse, okhala ndi masitepe oti anthu atsikire pakagwa vuto. Ayeneranso kukhala pamwamba. Chifukwa chiyani pamwamba? Chifukwa tsiku lina sitima idzaimitsidwa pamenepo njii, ndipo ikadzamasulidwa iyenera kumaliza ulendo wonse wotsala kuyambira pa liwiro lopanda kanthu. Ndiye gawo lachiwiri la njanji liyenera kukonzedwera sitima ziwiri zosiyana: ija yonyamuka itaima, imene isalephere chitunda chilichonse, ndi ija yongodutsa ndi liwiro lake lonse, imene isapweteke anthu m'makona. Kukwaniritsa zonse ziwiri kumakakamiza injiniya kufupikitsa zitunda ndi kufewetsa makona. Apa ndi pamene okonda sitimazi amadandaula kuti ulendo unayamba bwino koma unafera pakati. Injiniya amene safuna kudula ulendo wake chotere ayenera kuvomera sitima zochepa, ndiye kuti mzere wautali, kapena ulendo waufupi. Zonsezi zimakambidwa patebulo chitsulo choyamba chisanadulidwe. Mabuleki sabwera pomaliza ngati chowonjezera. Njanji imajambulidwa mowazungulira.

Kuti timvetse kulemera kwa lamulo la zigawoli, ndikuuzeni zimene zinachitika ku Alton Towers ku England pa 2 June 2015, pa roller coaster yotchedwa The Smiler. Tsikulo kunali mphepo yamphamvu. Bogi yopanda anthu inatumizidwa kukayesa njanji, koma inalephera kukwera malo ena, n'kubwerera, n'kuima pachigwa. Kompyuta inaona kuti m'chigawocho mudakali bogi, ndipo inaimitsa bogi yotsatira imene inali ndi anthu 16. Inachita ndendende zimene anaipangira. Koma amisiri amene anali pantchito sanadziwe kuti pali bogi ina imene inali itawonjezedwa panjanji. Anaganiza kuti kompyuta yalakwitsa, ndipo anaiuza kuti njira ili bwino. Bogi ya anthu ija inakawomba inzake yoimayo. Anthu angapo anavulala kwambiri, ndipo atsikana awiri anadulidwa mwendo. M'chaka chotsatira khoti linalipiritsa kampani ya Merlin, mwini wa pakiyo, mapaundi 5 miliyoni. Ofufuza sanapeze vuto ndi njanji, mabogi kapena kompyuta. Vuto linali pa kayendetsedwe ka ntchito ndi maphunziro a anthu amene anali ndi mphamvu yotsutsa makinawo. Nkhaniyi imandikhudza kwambiri, chifukwa mabuleki anali atagwira kale, ndipo anthu aja anali otetezeka mpaka pamene anamasulidwa. Mabuleki a zigawo si oti munthu azikambirana nawo. Akakana, wina ayenera kupita kukaona ndi maso ake chimene akukanira.

Pali mabuleki a mtundu wina amene angathe kukambidwa, ndipo anthu amakanganadi za iwo. Awa ndi ongochepetsako liwiro. Saimitsa sitima, amangoibudula pang'ono. Kufunika kwawo kumachokera pa mfundo yakuti sitima siyenda mofanana tsiku lonse. M'mawa kukuzizira, girizi wa m'mawilo amakhala wolimba ndipo sitima imayenda mwaulesi. N'chifukwa chake antchito amayamba aiyendetsa kangapo yopanda anthu, nthawi zina ataikamo zidole zodzaza madzi kuti ilemere. Pofika madzulo a tsiku lotentha, mawilo atafunda, mipando yonse itadzaza, sitima yomweyo imauluka. Injiniya amaipatsa liwiro lokwanira m'mawa wozizira uja, ndiye kuti madzulo limakhala lopitirira. Mabuleki ochepetsa amadula chopitiriracho. Amatetezanso njanji, makamaka yamatabwa, kuti isagwedezeke mpaka kufuna kukonzedwa mlungu uliwonse.

Koma malire enieni a liwiro si chitsulo kapena thabwa. Ndi thupi la munthu. Sitima ikafika pansi pa chigwa kapena ikakhota mwamphamvu, wokwera amamva ngati walemera katatu kapena kanayi. Magazi nawonso amalemera chimodzimodzi, n'kuthamangira kumiyendo, ndipo mtima umavutika kuwakweza kumutu. Zikachitika kwa kamphindi kochepa, munthu amasangalala nazo. Zikapitirira masekondi angapo, m'maso mumayamba kuchita chidima, ndipo ena amakomoka. Mu 1895 ku Coney Island kunali njanji yozungulira ngati mkombero weniweni, yotchedwa Flip Flap Railway, imene inkapweteka anthu makosi. Patapita zaka zambiri, injiniya wa ku Germany, Werner Stengel, anakonza mkombero wosongokera m'mwamba, wotambasuka pansi pamene liwiro lili lalikulu, wothina pamwamba pamene liwiro lachepa. Unayamba kugwira ntchito mu 1976 pa sitima yotchedwa Revolution ku California. Iye sanathetse vutolo ndi mabuleki. Analithetsa ndi kapindidwe ka njanji. Musungeni Stengel m'maganizo, chifukwa nzeru yakeyi tikumana nayonso posachedwa.

Tifike tsopano pa luso la kagawidwe ka liwiro. Thupi la munthu silimva liwiro, limamva kusintha kwa liwiro. M'ndege yothamanga makilomita 800 pa ola munthu amamwa tiyi osatayika. Sitima imene imangothamanga mofanana kuyambira poyamba mpaka pomaliza imatopetsa, chifukwa thupi limazolowera msanga. Wokonza waluso amadziwa kuti pamafunika pokhwima ndi pofewa, poti wokwera akanikizidwe pampando, poti anyamuke m'malere malamba okha atamugwira, ndi poti apume n'kuona chimene chikubwera.

Apa mabuleki akhoza kukhala chida cha chisangalalo. Ku Alton Towers komwe kuja kuli sitima ya mu 1998 yotchedwa Oblivion. Ikafika pansonga, kutsogolo kwake kukaweramira pansi, imagwidwa n'kuima kwa masekondi ochepa. Okwera amakhala akuyang'ana dzenje lakuda limene lili pansi pawo, mitima ili m'mwamba, kenako imamasulidwa. Malo amene anthu amawakumbukira kwambiri pa ulendo wonsewo ndi amene sitima siyenda n'komwe. Ndipo kuima kumeneku sikudya liwiro lililonse, chifukwa kuli pansonga, pamene liwiro lisanayambe.

Ena anapeza njira zozembera lamulo lathu lija la kupatsidwa liwiro kamodzi. Ku Kings Island m'chigawo cha Ohio ku America kuli The Beast, yamatabwa, ya mu 1979, yotalika kuposa makilomita 2, imene ulendo wake umatenga mphindi zoposa 4 mkati mwa nkhalango. Liwiro likatha, imakwera chitunda chachiwiri cha tcheni. Pamenepo phokoso lonse limatha, wokwera amapuma, n'kumaganiza kuti zoopsa zadutsa. Kenako imatsetsereka mtsetse wautali wosaoneka woopsa, liwiro likukulirakulira, mpaka kulowa m'njira yozungulira yofoleredwa, yamdima. Chimake cha ulendo chili kumapeto. Ku Cedar Point, ku Ohio komweko, kuli Maverick ya mu 2007, imene pakati pa ulendo imalowa mumphanga, n'kuchepetsedwa liwiro mpaka kutsala pang'ono kuima, kenako mamota a maginito amaikankha mwadzidzidzi kufika makilomita oposa 100 pa ola. Malo oimira amene kwa ena amapha ulendo, apa anawasandutsa poyambira gawo lachiwiri. Koma zindikirani kuti onsewa anachita kulipira: wina ndi tcheni chachiwiri, wina ndi magetsi ochuluka. Liwiro limene mabuleki adya silibwerera lokha.

Ndimalize ndi chitsanzo chimene chimaonetsa bwino kusiyana kwa mabuleki oikidwa mwadala ndi mabuleki oikidwa ngati chigamba. Mu 2010, ku Kings Dominion m'chigawo cha Virginia ku America, anatsegula sitima imene panthawiyo inkatchedwa Intimidator 305, yomangidwa ndi kampani ya Intamin. Chitunda chake choyamba n'chotalika mamita oposa 90, ndipo potsika imafika pafupifupi makilomita 145 pa ola. Ikangofika pansi, m'malo mokwera chitunda china kuti liwiro lichepe, inkalowa m'kona yaitali yothina pafupi ndi nthaka. Okwera ankakanikizidwa pampando kwa nthawi yaitali, ndipo ambiri ankanena kuti m'maso mukuchita chidima, ena kukomoka kumene kwa kamphindi.

Eni ake anachita chimene chinali chapafupi. Anaika mabuleki a maginito pamtsetse woyamba womwewo. Dandaulo la chidima linachepa, koma taganizirani chimene chinatayika. Anamanga nsanja yaitali chotero kuti apeze liwiro, kenako n'kulidya lisanagwire ntchito iliyonse. Ndipo poti sitimayi inalibe pena popezera lina, njanji yonse yotsatira inalandira sitima yofooka kuposa imene inajambulidwira. Wokwera ankamva kuti akugwa momasuka, kenako china chake n'kumukoka kumbuyo. Okonda sitimazi anadandaula, ndipo ine ndikuona kuti anali ndi mfundo. Paki itatsekedwa m'nyengo yozizira, amisiri anabwera n'kuchita zija za Stengel. Anachotsa mbali ya kona ija, n'kuika ina yotambasuka, yoyamba kukwera msanga, kuti kukanikizidwa kuja kufupike. Pofika mu 2011 mabuleki a pamtsetse woyamba anali atachotsedwa, ndipo sitima inabwezeredwa liwiro lake.

Sindikunena kuti chigamba chija chinali cholakwika pa nthawi yake. Anthu akamachita chidima m'maso, sungadikire miyezi isanu ndi umodzi usanachitepo kanthu. Koma chigamba chinali kubisa vuto limene linali m'kona, ndipo chinalipiritsa ulendo wonse chifukwa cha malo amodzi. Si mapaki onse amene amabwerera kudzakonza kona. Ambiri amasiya mabulekiwo mpaka kalekale, chifukwa ndi otsika mtengo ndipo amaikidwa m'masiku ochepa, pamene kudula ndi kupinda njanji yatsopano kumadya ndalama zambiri.

Ndiye ndikusiyireni funso loti mukambirane pakhomopo, makamaka inu achinyamata amene mukulota zodzakhala mainjiniya. Tiyerekeze kuti ndinu amene mwapatsidwa udindo pa sitima ngati imeneyi. Kona ina ikukanikiza anthu mopitirira muyeso. Bwana wa paki akukuuzani kuti mabuleki ochepetsa agwira kale ntchito, palibenso amene akukomoka, ndipo ndalama zokonzera njanji zikhoza kumangira chinthu china chatsopano. Okwera nawo akuti sitima imene anaikonda yafooka. Kodi mungamuyankhe chiyani bwanayo, nanga mungamuonetse umboni wotani?